Kulumikiza ubongo ku intaneti: kiyi amasunga ndani?

Chisale_M analemba:

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu odziwa za zipangizo zachipatala, makompyuta ndi malamulo. Chiyambireni Januwale 2024, pamene kampani ya Neuralink inaika kachipangizo kake m'mutu mwa Noland Arbaugh ku Phoenix m'dziko la America, nkhaniyi ikumveka pawiri pokha. Ena akuti n'chozizwitsa, munthu wofa ziwalo kuyambira m'mapewa akuyendetsa kompyuta osaikhudza. Ena akuti zathu zada, makampani azidzawerenga maganizo a anthu ngati nyuzipepala n'kumawayendetsa ngati zidole. Ndikufuna kumvetsa zenizeni. Chimachoka m'mutu n'kupita pa intaneti n'chiyani? Kodi wina ali kutali angalowemo n'kusokoneza munthu? Nanga wodwala akapatsidwa mwayi wolowa m'kafukufuku wotere, afunse chiyani asanasaine?

Mbewe_T anayankha:

A Chisale, poyamba tisiyanitse zipangizozi, chifukwa dzina limodzi likuphimba zinthu zosafanana n'komwe.

Pali zovala kumutu za EEG, zosafuna opaleshoni. Timabatani tachitsulo, totchedwa maelekitirodi, timagunda khungu n'kumamva magetsi a ubongo, omwe akafika kunja kwa chigaza amakhala mamaikulovoti 10 mpaka 100 okha. Batire la wailesi la mavoti 1.5 limaposa chizindikiro chachikulu cha EEG ka 15,000. N'chifukwa chake kuphethira, kukukuta mano kapena waya wamagetsi wa m'khoma zimatha kumiza chizindikirocho. Zili ngati kuima kunja kwa mpanda wa msika: umadziwa kuti lero kwadzaza kapena kwabuka mkangano, koma sungamve zimene wogulitsa tomato akuuza kasitomala wake. Zimene anachita Adam Pantanowitz ndi ophunzira ake ku yunivesite ya Wits ku Johannesburg mu 2017, zomwe anazitcha Brainternet, zinali za mtundu umenewu: chovala cha Emotiv kumutu, kakompyuta ka Raspberry Pi, ndiye mafunde a ubongo n'kumaoneka pa tsamba la intaneti nthawi yomweyo. Anaoneka ndi mafunde okwera ndi kutsika, osati ziganizo.

Pali cha kampani ya Synchron, chotchedwa Stentrode. Salowa pachigaza. Amachilowetsa mu mtsempha waukulu wa magazi wa m'khosi n'kuchikankha mpaka mu mtsempha wodutsa pamwamba pa gawo la ubongo loyendetsa ziwalo. Chili ndi maelekitirodi 16, ndipo waya wake umatsikira ku kabokosi ka pansi pa khungu la pachifuwa. Anayamba kuchiika mwa anthu ku Melbourne mu 2019. Chimamva pang'ono, kokwanira kudina ndi kusankha.

Ndiye pali zolowa mu ubongo mwenimweni. Chakale ndi Utah array, kabwalo ka mamilimita 4 mbali iliyonse kokhala ndi tisingano 100, komwe kafukufuku wa BrainGate wagwiritsa ntchito kuyambira 2004. Cha Neuralink chimene anaika mu 2024 n'chachikulu ngati ndalama yachitsulo, chimakhala m'bowo loboola pachigaza, ndipo chili ndi tiulusi 64 tonyamula maelekitirodi 1,024, toonda kuposa tsitsi moti timasokedwa ndi loboti. Ubongo uli ndi maselo pafupifupi mabiliyoni 86. Kachipangizoko kamamvera kadera kakang'ono zedi, makamaka kamene kamayendetsa dzanja.

Njira ya uthenga ili motere. Elekitirodi iliyonse imayezedwa pafupifupi ka 20,000 pa sekondi, zomwe zikaphatikizana zimafika pa mamegabiti 200 pa sekondi. Kawailesi ka m'mutu kamangotha kutumiza pafupifupi megabiti imodzi. Choncho kachipangizoko kamasefa kokha n'kutumiza chidule kudzera pa Bluetooth kupita ku laputopu ili pafupi. Pulogalamu ya mu laputopu ndiyo imasandutsa zizindikirozo kukhala kuyenda kwa kamuvi ka pa sikirini. Kuti iphunzire, wodwala amayesa kusuntha dzanja m'maganizo potsatira kadontho, mobwerezabwereza, ndipo ntchitoyi imabwerezedwa kawirikawiri chifukwa zizindikiro zimasintha tsiku ndi tsiku. Chili pa intaneti ndi laputopuyo, ndi maseva, makompyuta akuluakulu a kampani amene amalandira zolembedwazo. Funso la chinsinsi lagona pamenepo, osati m'chigaza.

Zimene zimawonongeka n'zodziwika. Mwa Arbaugh, patangopita milungu ingapo, tiulusi tambiri tinasolokamo mu ubongo, pafupifupi 85 pa 100 aliwonse, chifukwa ubongo sukhala phee, umagwedezeka m'chigaza. Anakonza posintha pulogalamu kuti izimva bwino ndi totsalato. Thupi nalo limaona chitsulo ngati mlendo, limamanga chipsera mozungulira nsonga, chizindikiro n'kumazilala m'kupita kwa zaka. Kutentha kulinso ndi malire: chipangizo cha m'thupi sichiyenera kupitirira madigiri 2 pamwamba pa kutentha kwa thupi, zomwe zimachepetsa mphamvu ya kompyuta imene ungaikemo. Ndipo Utah array yakale ili ndi soketi yotulukira kunja kwa khungu, yomwe ndi khomo la tizilombo.

Nangozo_L anayankha:

A Mbewe afotokoza bwino, koma ndisalole kuti a Chisale achoke ndi mtima woti za kuwerenga maganizo ndi nthano chabe. Malire ake akusuntha, ndipo tiyenera kudziwa pamene afika.

Mu 2023 magulu awiri a ku California anaonetsa anthu osatha kulankhula akutulutsa mawu kudzera mu ubongo. Wa ku yunivesite ya Stanford, wodwala ALS, matenda ofoola minofu pang'onopang'ono, anafika pa mawu 62 pa mphindi. Wa ku yunivesite ya UCSF ku San Francisco, wa sitiroko, anafika pa mawu 78 pa mphindi ndi maelekitirodi 253 oyalidwa pamwamba pa ubongo. Onsewa ankayesa kulankhula, ndipo makina ankamva malamulo opita ku lilime, milomo ndi chibwano. Apa n'kuti munthu akufuna yekha kuti amveke. Koma mu 2025 a ku Stanford omwewo anapeza kuti mawu ongolankhula chamumtima amaonekanso m'dera lomwelo la ubongo, mofooka, ndipo nthawi zina makina ankatola manambala amene munthu ankawerenga chamumtima osauzidwa kuti awatulutse. Njira yotetezera imene anayesa ndi mawu achinsinsi: makina satanthauzira kanthu mpaka munthu ataganiza kachiganizo kena kake kotsegulira. Kwa ine loko wotereyu ayenera kukhala lamulo pa chipangizo chilichonse cholankhulira, osati chokometsera choti kampani iike ikafuna.

Popanda opaleshoni zinthu zikadali kutali. Gulu la ku Austin ku Texas linatha kutulutsa tanthauzo la nkhani imene munthu akumvetsera pogwiritsa ntchito makina ojambulira mkati mwa thupi a MRI, koma munthu aliyense anayenera kugona m'makinamo pafupifupi maola 16 kuti pulogalamu imuphunzire, pulogalamu ya munthu mmodzi sinkagwira pa mnzake, ndipo munthu akayamba kutchula mayina a nyama m'mutu mwadala zonse zinkasokonekera.

Pali mfundo ina imene anthu sailabadira. Makina olankhulirawa samva mawu onse bwinobwino. Amatola tizidutswa ta maphokoso, kenaka pulogalamu yolosera mawu, yofanana ndi ija ya mu foni, imasankha chiganizo chimene chikuoneka choyenera. Pa kafukufuku wa ku Stanford wa 2023, atatsegula mawu 125,000, pafupifupi liwu limodzi mwa anayi linkatuluka lolakwika. Ndiye taganizani munthu wosatha kugwedeza ngakhale mutu akufunsidwa ngati akuvomera kugulitsa nyumba, kapena ngati akufuna makina opumira apitirire. Liwu lotuluka pa sipika n'lake kapena la pulogalamu? Njira yoyenera n'njakuti pa nkhani zazikulu funso lifunsidwe kangapo, mosintha kafunsidwe, pa masiku osiyana, ndipo yankho litsimikizidwe ndi njira ina yosadalira pulogalamu yoloserayo, monga kuyendetsa maso.

Za chilankhulo nazo zikutikhudza. Mapulogalamu oloserawa anaphunzitsidwa kwambiri pa Chingerezi. Wa sitiroko amene moyo wake wonse amatukwana, kupemphera ndi kunyengerera ana m'Chichewa angapatsidwe mawu m'chilankhulo chimene si cha mumtima mwake. Ndipo liwu lopangidwa ndi makina likalephera kukweza ndi kutsitsa mawu, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimamveka chimodzimodzi.

Koma chimene chafika kale pakhomo ndi zovala kumutu zotsika mtengo zija. Siziwerenga ziganizo, inde, komabe zimaulula zambiri. Ubongo ukaona chinthu chimene ukuchidziwa umatulutsa funde lotchedwa P300 patapita pafupifupi mamilisekondi 300, ndipo munthu sangalibweze mosavuta. Mu 2012 ofufuza anaonetsa kuti poonetsa munthu wovala EEG ya masewera zithunzi za mabanki, manambala ndi malo, ankatha kulosera banki yake kapena dera limene amakhala bwino kuposa kungoponya mwayi. EEG imathanso kuonetsa khunyu ndi mavuto a tulo, zinthu zimene wa inshulansi kapena wolemba ntchito angakonde kudziwa. Bungwe la Neurorights Foundation litawerenga mapangano a makampani 30 ogulitsa zipangizo zotere mu 2024, linapeza kuti 29 anadzipatsa mwayi wofikira zolembedwa za ubongo wa ogula popanda malire enieni. Mu 2019 sukulu ina ya pulayimale ku Jinhua m'chigawo cha Zhejiang ku China inkaveka ana malamba a kumutu a BrainCo oyeza ngati akutchera khutu m'kalasi, mpaka anthu atakwiya ndiye analeka. M'migodi ya ku Australia madalaivala a magalimoto akuluakulu amavala zipewa za SmartCap zochenjeza akayamba kusinza. Cha m'mgodichi chingapulumutse moyo, sindikukana. Funso n'lakuti zolembedwazo zimathera pa chenjezo la dalaivala kapena zimakafika pa tebulo la bwana wochotsa anthu ntchito, ndiponso ngati wantchito angakane kuvala osataya ntchito yake.

Gondwe_K anayankha:

Ine ndiyankhe la akathyali a pa intaneti lokha. Siyanitsani chipangizo chongomva ndi chimene chimatumizanso magetsi mu ubongo. Chongomva chikabedwa, wakuba wapeza zinsinsi kapena wayendetsa kamuvi. N'zoipa, makamaka ngati kamuviko kakuyendetsa njinga ya olumala kapena akaunti ya ku banki. Koma chotumiza magetsi ndicho choopsa, ndipo chilipo kale mwa anthu ambiri odwala matenda onjenjemeretsa a Parkinson. Amaika waya mkati mwenimweni mwa ubongo, batire pachifuwa, magetsi n'kumagunda pafupifupi ka 130 pa sekondi kuti kunjenjemera kuleke. Madokotala amadziwa kuti mphamvu ikapitirira kapena ikafika pa malo oyandikana nawo, wodwala angalankhule movutikira, nkhope ingakokeke, ena amasintha khalidwe n'kuyamba kuchita zinthu mopupuluma. Zipangizo zatsopano zimasinthidwa ndi tabuleti, zina dokotala ali kutali kudzera pa intaneti. Ofufuza a ku Oxford anachenjeza za ngoziyi mu 2016, n'kuitcha brainjacking, kutanthauza kulanda ubongo.

Chitsanzo chenicheni chili pa mtima. Mu Ogasiti 2017 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linalengeza kuti zipangizo 465,000 zothandiza mtima kugunda za St. Jude Medical zinali ndi mpata woti wina n'kuzilamula pa wailesi, kumaliza batire kapena kusintha kagundidwe. Wodwala aliyense anayenera kupita kuchipatala kukasinthitsa pulogalamu, ntchito ya mphindi pafupifupi 3, chipangizo chikugunda mongoyembekezera ka 67 pa mphindi, ndipo panali kangozi kakang'ono koti kusinthako kungalephere pakati.

Kutseka mipata imeneyi n'kovuta pa zifukwa zomveka. Kubisa uthenga kumadya batire ndi kutenthetsa chipangizo. Ukakhoma kwambiri, dokotala wa pangozi amene sakumudziwa wodwalayo sangachizimitse atabwera naye ali chikomokere. Ndipo chipangizo cha m'thupi chimayenera kukhala zaka 10 kapena kuposa, pamene foni imene chimalankhula nayo imasiya kulandira zokonza pasanathe zaka zimenezo. Chofunika n'chakuti malire a mphamvu ya magetsi akhale omangidwa m'chitsulo chenichenicho moti pulogalamu iliyonse isawadumphe, kusintha kwakukulu kufune chinthu chogunditsa pathupi pafupi, ndipo wodwala akhale ndi njira yozimitsira yekha yosadalira netiweki.

Nyirenda_E anayankha:

Abale, zonse mwanenazi n'zoona, koma mwayamba ndi fisi wa kutali pamene njoka ili m'nyumba. Amene avulazidwa kale ndi zipangizo zamtunduwu sanavulazidwe ndi akathyali. Anasiyidwa ndi makampani amene anawaika zipangizozo.

Kampani ya Second Sight inaika kachipangizo ka m'diso kotchedwa Argus II mwa anthu osaona oposa 350. Kanali ndi maelekitirodi 60, kamera pa magalasi ndi kabokosi ka palamba, mtengo wake pafupifupi madola 150,000 osawerengera opaleshoni. Mu 2019 kampani inasiya kukapanga, mu 2020 inatsala pang'ono kugweratu n'kuchotsa antchito ambiri. Kabokosi kakawonongeka, munthu ankasakasaka zotsala kwa anzake. Wina analephera kujambulidwa ndi MRI pa nthawi imene madokotala ankaifuna, chifukwa panalibe wowayankha ngati n'zotetezeka. Kuchotsa kachipangizoko nakonso ndi opaleshoni ina yokhala ndi ngozi zake.

Nkhani ya kampani ya NeuroVista ndiyo imandiwawa kwambiri. Ku Australia anthu 15 odwala khunyu anaikidwa maelekitirodi pansi pa chigaza, olumikizidwa ku kachipangizo ka m'manja kokhala ndi magetsi: buluu ngati kuli bata, ofiira ngati kugwa kwayandikira. Mayi wina amene anadwala khunyu kuyambira ali mwana anayamba kumwa mankhwala pa nthawi yake, kutuluka m'nyumba yekha, kukhala ngati anthu ena. Kampani itasowa ndalama, odwala anauzidwa kuti zipangizo zichotsedwe. Mayiyo anakana, anayesa kuchigula, koma sizinatheke, ndipo anachotsedwa ali womaliza, mtima usakufuna. Frederic Gilbert wa ku yunivesite ya Tasmania, amene anacheza ndi odwalawa, analemba kuti mayiyu ankachiona chipangizocho ngati mbali ya iye mwini. Chinali m'mutu mwake, koma pa pepala chinali katundu wa kampani.

Ndiye a Chisale, wodwala asanasaine afunse izi ndipo mayankho alembedwe m'pangano, asangonenedwa pakamwa. Kafukufuku akatha, chipangizo chikhala kapena chichotsedwa, ndipo wosankha ndani? Batire, zosinthira ndi dokotala wochikonza adzalipira ndani, kwa zaka zingati? Kodi pali ndalama zosungidwa padera, kunja kwa kampani, zochotsera kapena kusamalira chipangizo kampani ikagwa? Kodi mapulani ake ndi pulogalamu yake zasungidwa kwa wina woti adzazitulutse zikatero? Chimagwira ntchito popanda intaneti ndi maseva a kampani? Kampani ingasinthe pulogalamu osamuuza, kapena kudzayamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi? Angajambulidwe ndi MRI, ya mphamvu yanji? Zolembedwa za ubongo wake zimasungidwa kuti, amaziona ndani, ndipo kampani ikagulitsidwa zimapita ndi wogula? Angazitenge yekha? Akafuna kutuluka m'kafukufuku pakati, amataya chiyani?

Pa chilolezo pakhale kudekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo munthu amene ALS ikumulanda mawu mwezi ndi mwezi angasaine pepala lililonse. Wofotokoza asakhale yekhayo amene akufuna anthu m'kafukufuku. Pakhale dokotala wina wosadya nawo, pakhale wachibale amene azidzasamalira mawaya ndi kutchaja tsiku ndi tsiku, chifukwa ntchito yambiri imagwera iyeyo. Wodwala auzidwe poyera kuti kafukufuku woyamba cholinga chake n'kuona ngati chipangizo n'chotetezeka, osati kumuchiritsa. Ndipo makampaniwa akadzayamba kufuna odwala m'mayiko osauka, makomiti oona za kafukufuku wa zaumoyo adzafunse funso la chisamaliro cha pambuyo lisanafike lina lililonse, chifukwa kumene madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi owerengeka, wosiyidwa ndi chitsulo m'mutu alibe kolowera.

Chisale_M analemba:

Zikomo nonse, makamaka mayi Nyirenda, za kugwa kwa kampani sindinaziganizepo. Nanga malamulo alipo amene akugwira kale ntchito, kapena n'zokambirana za m'misonkhano chabe?

Nangozo_L anayankha:

Alipo, a Chisale, ngakhale ndi ochepa. Chile inasintha malamulo ake aakulu mu 2021 n'kulembamo kuti ntchito ya ubongo ndi uthenga wochokera mmenemo ziyenera kutetezedwa mwapadera. Mu Ogasiti 2023 khothi lalikulu la dzikolo linagamula mlandu wa Guido Girardi, yemwe anali senata, ndi kampani ya Emotiv, n'kulamula kuti kampaniyo ifufute zolembedwa za ubongo wake zochokera ku chovala kumutu chimene anagula. Ku America, Colorado mu Epulo 2024 ndi California mu Seputembala 2024 anaika zolembedwa za ubongo m'gulu la zinsinsi zofunika chitetezo chapadera. Mpata umene ankatseka ndi woti malamulo a zinsinsi zachipatala amagwira madokotala ndi zipatala, koma osati wogulitsa lamba wa kumutu wothandiza kugona. UNESCO inavomereza mfundo zake pa nkhaniyi mu Novembala 2025, koma izi ndi zolangiza mayiko, sizimanga munthu. Pa za apolisi, khothi lalikulu la India linagamula mu 2010, pa mlandu wa Selvi, kuti woganiziridwa mlandu sangayezedwe ubongo mokakamiza. Ku Malawi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, limateteza mwapadera zokhudza thanzi, ndipo ndi pamene wogula chovala kumutu angayambire kudandaula, ngakhale kukakamiza kampani imene seva yake ili kutsidya kwa nyanja ndi ntchito ina.

Malamulo onsewa akunena za zolembedwa. Za chisamaliro kampani ikagwa, zimene anena mayi Nyirenda, zimadalirabe pangano limene wodwala wasaina. Ngakhale pa kufufuta komweko chenjerani. Kampani ingafufute mafayilo a munthu, koma ngati inawagwiritsa kale ntchito pophunzitsa pulogalamu yake, zimene pulogalamuyo inaphunzira zimatsalamo. Ingathenso kunena kuti inachotsa dzina ndiye zolembedwazo si za munthu aliyense, pamene kafukufuku waonetsa kuti mafunde a EEG angazindikiritse mwini wake. Choncho m'panganomo pezani ndime yonena za kuphunzitsa mapulogalamu ndi ina yonena za kugawana zolembedwa zochotsedwa dzina, ndipo funsani ngati mungakane ziwirizo chipangizo n'kugwirabe ntchito. Akayankha kuti ayi, funsani kuti ndi gawo liti la chipangizo limene lingaleke kugwira, ndipo yankholo alilembe.